Mpunga Wosamera M'dambo

Pali mkangano pakati pathu wonena za maphunziro a zophikaphika. Ena akuti n'kutaya nthawi kuphunzira zakudya za maiko akutali, popeza ife tidzakalamba tikudya nsima. Ine sindivomerezana nawo, ndipo ndifuna kupereka chitsanzo cha chakudya chimodzi cha ku Italy.

Anthu a dziko limenelo ali ndi timakaroni ting'onoting'ono tooneka ngati mpunga, koma topangidwa ndi ufa wa tirigu wolimba. Iwo amatitcha risoni. Maiko ena amati orzo, liwu la Chitaliyana lotanthauza barele. Agiriki amati kritharaki. Kaphikidwe kake ndi aka. Muyambe mwakazinga anyezi ndi adyo m'batala. Kenaka thiranimo kapu imodzi ya timakaronito ndi kutikazinga pang'ono. Mukatero thirani msuzi wa nkhuku, ngati makapu awiri, pang'onopang'ono, mukutakasa ndi mthiko kwa mphindi 10. Potakasapo timakaroni timatulutsa ufa wake umene umalimbitsa msuzi ngati phala. Tikafewa, phulani poto, ndipo pamenepo ndi pamene muthiramo mkaka pang'ono ndi theka la kapu ya tchizi wopala. Tchizi akathiridwa poto ali pamoto waukulu amaundana nakhala zibuma. Wotchuka kwambiri ndi Parmigiano Reggiano, wa kumadera a Parma ndi Reggio Emilia, amene amasungidwa miyezi yosachepera 12 asanagulitsidwe. Chakudyachi chimayenda ndi nkhuku kapena nsomba.

Tsono wina adzati, "Kodi tchizi wa miyezi 12 ndidzamuona kuti kwathu kumudzi?" Funso limeneli ndi loona, chifukwa tchizi ndi wokwera mtengo, ndipo ambiri a ife sitidzamugula kawirikawiri. Komatu chimene tiphunzira pano ndi nzeru ya kaphikidwe, ndipo nzeru siigulidwa kusitolo. Wophika amene wadziwa kuthira madzi pang'onopang'ono, kuyang'anira moto ndi kudziwa nthawi yophula, angathe kuchita chimodzimodzi ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, msuzi wa nkhuku ya kwathu ndi mkaka wa ng'ombe za bambo ake. Amayi athu adziwa kale mbali ina ya nzeru imeneyi: potendera nkhwani sathira nsinjiro masamba asanafewe, ndipo akathira amachepetsa moto kuti ndiwo zisapserere. Zimene Mtaliyana achita ndi tchizi, amayi achita ndi nsinjiro.

Ndiponso tisaiwale kuti ena a ife tidzafuna ntchito m'mahotela a kunyanja ndi m'mizinda, kumene kumafika alendo a mitundu yonse. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa nsima yokha adzaima pakhomo, mnzake wodziwa zambiri nalowa. Ndati mnyamata mwadala, pakuti anyamata ena amathawa phunziroli namati ndi la atsikana, chonsecho ndiwo amayamba kudandaula m'chipinda chodyera mpunga ukakhala wosapsa.

Sindinena kuti tinyoze nsima. Imeneyo ndiyo yatikuza. Ndingopempha kuti tsiku la zophikaphika tonse tizifika, manja osamba ndi makutu otsegula. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tikalandire kalumoko, timetere tsitsi lathu lomwe.