Sekondale yaulere tamva, koma adzaphunzitse ndani kuchigwa?

Mu 2025 boma la a Peter Mutharika linalengeza kuti kuyambira mu Januwale 2026 maphunziro a sekondale akhale aulere m'sukulu za boma. Kholo la ku Ngabu kapena kwa Tengani, limene limagulitsa mbuzi kuti mwana alowe Folomu 1, lili ndi chifukwa chovinira. Koma ine funso langa ndi limodzi, ndipo ndikufuna a unduna wa za maphunziro aliyankhe osazungulira: ana akadzaza m'makalasimo, adzaime kutsogolo kwawo ndi choko ndani?

Gule ameneyu tinamuonapo kale. M'chaka cha 1994, titangotuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, a Bakili Muluzi anathetsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kuposerapo. Ganizo linali labwino, koma aphunzitsi panalibe. Boma linalemba mwachangu anthu zikwizikwi osaphunzira ntchitoyi, n'kuwapatsa kalasi atangowaunikira kwa masabata owerengeka. Walira mvula walira matope, koma matope a 1994 anaponda ndi ana a anthu osauka okha.

Ana aja atayamba kugogoda pa khomo la sekondale, boma linachitanso zachidule. Mu 1998 linalamula kuti masukulu a MCDE, kumene ana ankaphunzira powerenga timabuku totumizidwa kuchokera ku Blantyre moyang'aniridwa ndi aphunzitsi a pulayimale, asanduke ma CDSS, sekondale zoyendera za m'midzi. Chikwangwani chinasintha, mphunzitsi anatsala yemwe uja. Munthu amene anaphunzitsidwa kuphunzitsa mwana a, e, i, o, u anadzuka m'mawa n'kuuzidwa kuti tsopano ndi wa Fizikisi. Ndipo aliyense amene anakokedwa kupita ku CDSS anasiya kalasi yopanda mwini ku pulayimale. Kumeneko ndi kufunda bulangete lalifupi: uphimbe mutu, miyendo ili pamtetete.

Ndisamveke ngati ndikunyoza aphunzitsi amenewa. Ambiri mwa iwo ndiwo agwiriziza sukulu za m'chigwa cha Shire kuti zisagwe, ndipo ena anadzimana n'kukatenga dipuloma ku Domasi College of Education. Mlandu ndi wa amene anawatuma kumunda opanda khasu.

Amene amavutika kwambiri ndi ana a Folomu 1 ndi 2. Taganizani nokha. Ngati pa sukulu pali mphunzitsi mmodzi yekha amene anasulidwa bwino pa Masamu, ahedi amuika kuti? Amuika ku Folomu 3 ndi 4, chifukwa zotsatira za MSCE ndizo zimamveka pa wailesi. Ana ongofika kumene amatsala ndi aliyense amene wapezeka, kapena amangopatsidwa notsi zoti akopere pa bolodi. Chonsecho m'mera mpoyamba. Mwana amene wasokonezeka pa Masamu ali mu Folomu 1 sadzawagwiranso mu Folomu 4, ngakhale mutamubweretsera pulofesa wa ku yunivesite.

Nanga n'chifukwa chiyani mphunzitsi wa dipuloma kapena digiri sakhalitsa kuchigwa? Si ufiti ayi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anasandutsa makalasi kukhala misasa ya anthu othawa madzi. Ku Makhanga ndi madera ena a ku East Bank, Shire ndi Ruo zikakwiya, ulendo umakhala wa pabwato. Tsono mnyamata wangotsiriza maphunziro, ofesi ya ku Blantyre yamutumiza kumeneko, akafika apeza nyumba ya mphunzitsi palibe. Mukuganiza kuti kalata yake yoyamba ikhala ya chiyani, ngati si yopempha thiransifa? Inu a kulikulu mukanakhala?

Koma pofika nthawi ya mayeso, bungwe la MANEB silidziwa zonsezi. Pepala limene alembe mwana wa ku Marka kapena kwa Chapananga ndi lomwelo limene alembe mnzake wa pa sukulu yogonera komweko ya labotale ndi aphunzitsi okwanira. Akalephera timati ana a masiku ano ndi aulesi. Mtsikana akasiya sukulu n'kukwatiwa timaitanitsa msonkhano wa mafumu. Atsogoleri athu nawo amalimbana ndi sikelo m'malo molimbana ndi chimanga. Mu 2015 boma linalengeza kuti mayeso a JCE athe, mu 2021 boma lina linawabwezeretsa. Kodi kuyeza mwana kawirikawiri ndiko kumamunenepetsa?

Dziko lino limadziwa bwino lomwe kuti sukulu ndi mphunzitsi. A Kamuzu Banda atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, anaitanitsa aphunzitsi kuchokera kunja kuti ana osankhika ochepa aphunzire mpaka Chilatini ndi Chigiriki. Mabwana a lero nawonso sapusa: ana awo sawatumiza ku CDSS. Tinavota pa 14 Juni 1993 kuti kusankhana kotere kuthe, ndipo ndime 25 ya malamulo oyendetsera dziko lino ikuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Sikunena kuti kupatula wobadwira kumunsi kwa Thabwa.

Chigwachi si chopemphetsa. Shuga wa ku Nchalo, thonje, ng'ombe ndi magetsi a ku Kapichira zimakwera mtunda kupita kwa ena. Chinatulutsa andale otchuka monga malemu a Gwanda Chakuamba ndi malemu a Sidik Mia. Mavoti ake amasakidwa ndi nsalu ndi malonjezo zisankho zikayandikira. Chimene chikupempha pobweza ndi chochepa.

Choyamba, unduna usindikize poyera, sukulu ndi sukulu m'Chikwawa ndi Nsanje, kuchuluka kwa ana ndi kwa aphunzitsi amene anaphunziradi ntchito ya ku sekondale, phunziro ndi phunziro. Chachiwiri, pasamangidwe kalasi yatsopano popanda nyumba ya mphunzitsi pambali pake. Chachitatu, alawansi ya kumudzi ilingane ndi mavuto a malowo. Wa ku Makhanga asalandire chimodzimodzi ndi wa m'mphepete mwa tala. Chachinayi, makoleji a Domasi ndi Nalikule asungire malo achinyamata a kuchigwa komweko, amene kutentha anakuzolowera, ndipo akatsiriza alembedwe ntchito msanga, asamakhale pakhomo ndi mapepala awo pamene ana akusowa owaphunzitsa.

Aphungu athu a ku Chikwawa ndi Nsanje, mukapita ku Nyumba ya Malamulo musakangoomba matebulo. Kafunseni nambala ya aphunzitsi. Mukaopa kufunsa, ife tidzakufunsani inuyo pa tsiku lovota.