Msonkho utsika, nanga mtengo wa kapu?

Boma la Ireland lati kuyambira pa 1 July 2026 msonkho wa VAT m'malo odyera ndi omwera khofi utsika kuchoka pa 13.5 kufika pa 9 peresenti. Ife a ku Tyrrelstown ogwira ntchito m'minda ya ndiwo ku Rush ndi Lusk, nkhaniyi ndi yathu. Osati kuti timakonda khofi, ambirife ndi a tiyi. Koma bwalo kuno tilibe, za malipiro timakambirana m'malo amenewa, ndipo abwino ndi omwe satipirikitsa kapu ikatha. Tsono palibe lamulo lokakamiza eni malowa kutsitsa mitengo. Akulira kale ndi lendi komanso malipiro ochepetsetsa a €14.15 pa ola. Ife tikuona ngati ndalamayo ithera kwa iwo.