ZA PA BWALO: Mnyamata wa pa benchi

Mphwanga wina wokhala ku Kafue Estates ali ndi timu ya mpira imene siiponda udzu, pakuti imakhala m'foni. Masewerawo amachedwa Fantasy Premier League. Munthu amapatsidwa ndalama zongoyerekezera zokwana mapaundi 100 miliyoni, nagula osewera 15 a m'ligi ya ku England, ndipo amalandira mapointi molingana ndi zimene osewerawo acita pa bwalo lenileni. Wogoletsa amasungidwa, wosagoletsa amagulitsidwa msanga.

Mu 2021, Patson Daka atasamukira ku Leicester City, mphwangayo anamgula tsiku loyamba, poti ndi mwana wakwathu, wokulira m'fumbi la Kafue ndi kusulidwa ku Kafue Celtic. Anapita masabata angapo Daka ali pa benchi, Jamie Vardy ndiye akusewera. Mphwanga anamcotsa. "Amalume, uyu wakanika," anatero. Pa 16 October Daka analowa cakumapeto, nagoletsa cigoli polimbana ndi Manchester United, nakhala Mzambia woyamba kugoletsa m'ligi imeneyo. Patangopita masiku 4, m'mpikisano wa Europa League, iye yekha anagoletsa zigoli zonse 4 ku Moscow pamene Leicester inagonjetsa Spartak 4-3.

Owerenga anzanga, zoterezi zinali zitacitikapo kale. Mu March 2017 tonse tinamuona Daka akugoletsa pa Heroes Stadium, Zambia itagonjetsa Senegal 2-0 ndi kutenga cikho ca Africa ca osapitirira zaka 20. Koma atalowa m'timu yaikulu ya Red Bull Salzburg ku Austria, m'nyengo ziwiri zoyamba anagoletsa zigoli 3 zokha m'ligi. Woona nambalayo payokha akanati mwana wa ku Kafue wasocera m'cisanu ca ku Ulaya. Komatu patsogolo pake panali Munas Dabbur, wogoletsa koposa onse m'ligiyo, ndipo pambuyo pake panadza Erling Haaland. Dabbur atapita ku Sevilla mu 2019, Haaland nayenso ku Dortmund mu January 2020, njira inatseguka. Daka anamaliza nyengo ya 2019/20 ndi zigoli 24, ya 2020/21 ndi zigoli 27. Miyendo inali yomweyo; cimene cinaculuka ndi mphindi zosewera.

Ndisabise: ku England zinthu sizinamuyendere monga ku Austria. Nyengo yoyamba anagoletsa zigoli 5 m'ligi, ndipo mu 2023 Leicester inatsika. Conco pa nkhani ya mapointi mphwanga sanataye zambiri, ndipo amandikumbutsa zimenezi nthawi zonse. Ine cimene ndimakana ndi liwu lija lakuti "wakanika", lonenedwa kwa munthu amene sanapatsidwe ngakhale masewera atatu athunthu. Liwu lomwelo ndimalimva m'mabwalo athu kuno, likucokera kwa akulu a imvi, kulalatira kamnyamata ka zaka 16 kamene kalowa kutatsala mphindi 10, kakhudza mpira kawiri. Daka sakanamva za m'foni ya mphwanga. Kamnyamata aka kamamva, ndipo amai ake aimirira pomwepo.

Mng'ono wake wa mphwangayo wayamba kusewera kutsogolo m'timu ya pasukulu, ndipo m'masewera 4 sanagoletsebe. Ndinamfunsa mkulu wakeyo kuti mwanayo wasewera mphindi zingati zonse pamodzi. Anawerenga ndi zala, napeza kuti sizifika 60. Loweruka likudzali tidzapita tonse awiri kukamuonerera, ndipo foni idzatsala kunyumba.