Ndinapita kukajambula, ndinabwerako ndi lichero lokhota

Kwathu ku Thambani, m'boma la Mwanza, Ogasiti ndi mwezi umene mudzi umapumako. Chimanga chili m'matumba, mvula ikadali kutali, ana atsekera sukulu. M'mawa kumazizirabe moti agogo sachoka pamoto mpaka dzuwa litakwera, koma masana kamphepo kafumbi kamayamba kutiuza kuti chilimwe chayandikira. Manachesi amene amatchukitsa Mwanza amakhala akupita kumapeto, nandolo naye akuuma m'minda.

Zonse zimene anthu anaziimika nthawi ya khasu zimachitika tsopano: maukwati, ziliza, zinamwali. Anyamata ali kudambo kuumba njerwa. Loweruka bwalo la mpira limadzaza, uku mpira wamiyendo, uku ntchemberembaye. Madoda ali pa bawo, makwaya akuphunzira nyimbo, ndipo usiku ng'oma imamveka kuchokera kutsidya.

Chaka chino ndinapitako chifukwa cha chiliza cha agogo aamuna. Koma ndisaname, ndinali ndi pulani ina. Ntchito yanga ndi yolemba ndi kuika zinthu pa intaneti, ndiye mumtima ndinati: sabata imodzi kumudzi, mavidiyo a mwezi wathunthu. Ndinatchaja power bank, ndinagula bandulo, basi ulendo.

Tsiku lachiwiri ndinapeza amalume pansi pa mtengo wa mango akuluka lichero. Iwowa ndi amene amaluka malichero, madengu ndi mitanga ya banja lonse. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kuwazungulira ngati mtolankhani. Anandisiya kwa kanthawi, kenako anati, osadzutsa ndi mutu womwe: "Mphwanga, kafoni kakoko kakaona, kakuphunzitsa kodi? Takhala pansi apa."

Anandipatsa mpeni ndi nsungwi.

Abale, lichero limaoneka lophweka likakhala m'manja mwa amayi akupeta. Ntchito yake imayambira kutchire, kusankha nsungwi yokhwima, chifukwa yanthete imafumbwa msanga. Kenako kuing'amba m'litali, kuing'ambanso, n'kupala timizere mpaka tipyapyale mofanana. Kamodzi kakanenepa, lichero lonse limakhota. Ukaluka, pamatsala kupinda mkombero ndi kuusoka kuti ugwire m'mbali. Ine wa digiri ndinathyola timizere tisanu ndi kamodzi, n'kudzicheka chala dzuwa lisanafike pamutu. Ana a achemwali anga anaseka mpaka kugubuduka m'fumbi.

Tili pamenepo amalume anayamba kulankhula zimene sakanaziuza kamera. Anati nsungwi zimene kale ankadula pafupi ndi mtsinje tsopano amazitsata kutali. Mwezi womwewu ndi umene anyamata osaka mbewa amayatsa tchire, ndipo usiku moto umaoneka ukuyenda m'mapiri. Makala nawo akudya mitengo. Pamsika, anthu amathamangira mabeseni apulasitiki, ndipo wofuna lichero amanenerera mtengo ngati linangodziluka lokha. Koma chimene chinandilasa ndi ichi: ana awo aamuna atatu, mmodzi ali pa kabaza ku Mwanza boma, wina ku Blantyre, wina ku Joni. Palibe anagwirapo mpeniwo.

"Ndikapita ine," anatero, "mudzapetera m'foni."

Ndinaseka, koma usiku tulo sitinabwere msanga. Ife achinyamata a mafoni timanyadira chikhalidwe, inde. Timadziwa kuti mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Kumapeto kwa Ogasiti, Achewa akasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia pa mwambo wa Kulamba, zithunzi zimadzaza pa Facebook ndi WhatsApp, aliyense "chikhalidwe chathu". Zabwino ndithu. Koma ng'oma imene imalira pa bwalopo pali munthu amene anaisema, anaikunga chikopa, ndipo amadziwa kuiwamba pamoto kuti imveke bwino. Munthu ameneyo nthawi zambiri ndi wa imvi. Like sakunga ng'oma.

Sindikunena kuti titaye mafoni. Foni yomweyo ndi imene inasonkhanitsa ndalama za chiliza pa gulu la WhatsApp la banja, ena akutumiza kuchokera ku Lilongwe, ena ku Joni. Vuto ndi loti timafika kumudzi ngati alendo oona malo: kujambula, kudya nkhuku, kudandaula za netiweki, Lamulungu masana tili pa depoti. Pamene mwezi uno ndi wokhawo umene akuluakulu ali ndi mpata wokhala nafe pansi. Mvula ikangogunda, aliyense ali kumunda.

Ndiye ngati mukupita kumudzi holide ino, sankhani munthu mmodzi ndi luso limodzi. Kaya ndi azakhali oumba mbiya, agogo odziwa kufulula thobwa lamawere, kaya msuweni woluka mphasa. Apatseni masiku awiri, foni ili m'thumba. Tengani ndi ana, asamangokhala pa katuni. Mukagula chinthu cholukidwa ndi manja, lekani kunenerera ngati muli pa kaunjika, pomwe m'tauni mumalipira piza osatsutsa. Ndipo mukafuna kujambula, makamaka gule kapena za chinamwali, yambani mwapempha kwa eni ake. Si zonse zimene zili za pa status.

Lichero langa ndinalimaliza tsiku lachinayi. Ndi lokhota ngati chipewa chimene wina anachikhalira. Amayi analiyang'ana, n'kunena kuti lopetera ayi, koma loyanikira tsabola lingathe. Amalume sanandiyamikire, anangoti: "Ukabwerenso nsungwi zisanathe, tidzayambe dengu."

Kuofesi ndinabwerako ndi kavidiyo kamodzi kokha, ka masekondi 40. Abwana sanasangalale kwenikweni. Koma chala chapola, ndipo mpeni ndagula wanga.