Chithunzi Chiyambe Chadikira: Za Maonekedwe a Troll

Aphunzitsi ambiri akafika pa nthano ya atonde atatu ndi chilombo chokhala pansi pa mlatho, amathamangira kuonetsa ana chithunzi cha m'buku, nati, "Troll ndi ameneyu." Ife tikuti chizoloŵezi chimenechi chimamana ana phunziro lalikulu, pakuti eni nthanozi, anthu a ku Norway, Sweden ndi Denmark, sanapatse troll nkhope imodzi.

Nthanoyi ndi imodzi mwa zimene Peter Christen Asbjørnsen ndi Jørgen Moe anasonkhanitsa ku Norway, nayamba kuzisindikiza mu 1841. M'menemo troll ali ndi maso onga mbale ndi mphuno yaitali ngati mpini. M'nthano zina za dziko lomwelo ali ndi mitu itatu, isanu ndi umodzi, kapena isanu ndi inayi. Mwina matroll atatu amabwerekana diso limodzi. Dzuŵa likaŵatulukira, ena amaphulika, ena amasanduka miyala. Koma kumwera kwa Sweden ankasimba za matroll ofanana ndi anthu, ovala bwino, oti mlenje sakanaŵazindikira msanga m'nkhalango.

Nanga chimphona chonyansa cha m'mabuku chinachokera kuti? Kwenikweni chinakhazikika ndi amisiri ojambula. Theodor Kittelsen wa ku Norway, amene anamwalira mu 1914, ankajambula troll wonga phiri lomera mitengo ndi ndere. John Bauer wa ku Sweden, kuyambira mu 1907, anajambula matroll amphuno zikuluzikulu m'mabuku apachaka otchedwa Bland tomtar och troll. Motero chithunzi chilichonse ndi maganizo a munthu mmodzi.

Ena adzati mwana sangamvetse chinthu chachilendo popanda kuchiona. Koma agogo athu posimba za zilombo madzulo sankanyamula chithunzi, ndipo mwana aliyense ankachiona chilombocho m'mutu mwake.

Tsono inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, simbani nthanoyo buku lili chitsekere. Ana ajambule troll wao, aliyense afotokoze mau amene amutsogolera pojambulapo. Kenaka aonetseni Norway pa mapu, muŵauze za mapiri ake, nkhalango zake ndi usiku wautali wa nyengo yachisanu. Pomaliza tsekulani buku, mutchule amene anajambula chithunzicho, ndi kufunsa kuti, "Kodi iyeyu waonjezapo chiyani chimene nthano sinanene?"

Mwana wozoloŵera funso limeneli amaphunzira kumvetsera mosamala, ndiponso kusiyanitsa zimene zanenedwa ndi zimene wina waganiza. Luso lotere lidzamuthandiza pa phunziro lililonse.