ZAUMOYO PAKHOMO: Ulendo wa mwezi wathunthu uyambe ndi Masabata anayi

Kuno ku Uraha, kumwera kwa boma la Karonga, tinazolowera alendo ochokera kutali. Chiyambire 1991, pamene akatswiri ofukula zakale anapeza chibwano cha munthu wamakedzana m'zitunda zathuzi, amabwera ndi zikwama kumsana, n'kupitirira kumyuziyamu ya pa Karonga kukaona mafupa a chinyama chotchedwa Malawisaurus. Ambiri mwa iwo amakhala atakonzekera ulendowo kwa miyezi yambiri. Koma ife amene tili kufupi ndi nkhalango timakalamba tisanaoneko mbidzi ndi maso athu.

Masiku ano mtima wofuna kukaona chilengedwe ukukula pakati pathu. Aphunzitsi opuma ntchito, mabanja amene asunga kandalama pang'onopang'ono, ngakhalenso atsogoleri a ma Pathfinder akumafunsa kuti ulendo wa mwezi wathunthu, wodutsa malire, angaukonze bwanji. Langizo langa ndi limodzi. Musanafunse mtengo wa basi, tengani kalendala, chongani Masabata anayi, ndipo pa Sabata lililonse lembani malo ndi mpingo umene mukapembedzeko. Masabata amenewa ndiwo mizati ya ulendo wonse.

Chifukwa chake n'choti wa Adventist pa ulendo kawirikawiri saswa Sabata mwadala. Basi imachedwa kudzaza, mzere wa pachipata umatalika, ndipo dzuwa la Lachisanu limakulowerani muli pamsewu ndi ana anjala. Mu Ogasiti dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane. Mukadziwiratu kumene Sabata likakupezeni, maulendo aatali onse mudzawaika pakati pa tsiku loyamba ndi Lachinayi, ndipo Lachisanu lidzakhala lochapa, logula ndiwo ndi lophika. Thupi nalonso limapindula. Munthu wogwedezeka m'basi masiku 30 osapuma amabwerako akudwala. Komanso mpingo umene mwaudziwitsa msanga ndi abale odziwa malowo: adzakuuzani nyumba yogona yotsika mtengo, msika wabwino ndi chipatala chapafupi. Pemphani abusa anu kalata yokudziwitsani, ndipo muwaimbire abalewo mwezi umodzi musananyamuke.

Mukatero sankhani nyengo, pakuti mwezi umodzi sungakupatseni zonse. Ofuna maluwa apite nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Pa nthawiyi Nyika amakhala atavala maluwa, ndipo kutsidya kwa Songwe, kufupi ndi Mbeya ku Tanzania, kuli nkhalango ya Kitulo imene eni ake amaitcha Bustani ya Mungu, kutanthauza munda wa Mulungu. Koma walira mvula walira matope, misewu ya kumapiri imavuta. Ofuna nyama apite m'chilimwe, kuyambira Julayi mpaka Seputembala, pamene udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana pa madzi. Okutobala m'zigwa kumatentha kwambiri moti okalamba ndi makanda sangapirire. Kwa mabanja ambiri Ogasiti ndiye wabwino chifukwa ana atsekera ndipo mpunga uli m'matumba. Mungoonetsetsa kuti simukugundana ndi msonkhano wa misasa wa kwanu.

Nachi chitsanzo cha ulendo wa m'chilimwe. Mlungu woyamba nyamukani tsiku loyamba, kukwera Chiweta mpaka Rumphi, kenako ku Nyika kudzera pachipata cha Thazima. Iyi ndi nkhalango yaikulu kuposa zonse m'Malawi, ndipo ku Chelinda mukaona mbidzi, nchefu ndi chilembwe zikudya poyera. Musadalire minibasi kuti ikakufikitsani kumeneko. Gwirizanani mabanja awiri kapena atatu muchite hayala galimoto yolimba. Tsikani Lachinayi kuti Sabata loyamba likupezeni pa Rumphi.

Mlungu wachiwiri yambani ndi masiku awiri ku Vwaza, kumene njovu zimabwera kudzamwa pa nyanja ya Kazuni yodzaza ndi mvuu. Kenako Mzuzu, Lilongwe, Mchinji, ndipo muoloke malire Lachinayi. Kutsidyako, kufupi ndi Chipata, kuli mishoni ndi chipatala cha mpingo wathu cha Mwami, malo abwino a Sabata lachiwiri.

Mlungu wachitatu ndi wa South Luangwa. Kuchoka pa Chipata kukafika pa Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130. Kumeneko kuli mikango, akambuku, njati ndi mtundu wa nyamalikiti umene supezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'chigwa cha Luangwa chokha. Musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene wakhala phee ola lathunthu m'mbali mwa mtsinje amaona zambiri kuposa wozungulira tsiku lonse. Sabata lachitatu likupezeni pa Mfuwe pomwepo kapena mutabwerera ku Chipata.

Mlungu wachinayi, amene mphamvu ndi thumba zikuwalola apitirire ku Lusaka mpaka Livingstone kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, otambalala mamita 1,700. Pobwerera aime pa Monze, pafupi ndi mishoni ya Rusangu imene inayamba mu 1905, apembedze Sabata lachinayi, kenako masiku atatu kapena anayi a ulendo wa kumudzi. Amene thumba lapepuka abwerere pa Chipata pomwepo popanda manyazi.

Tsopano za umoyo. Amene amamwa mankhwala a BP, shuga, khunyu kapena ma ARV apite kuchipatala msanga, afotokoze za ulendowu, ndipo atenge okwanira mwezi wonse ndi mlungu wina wapadera. Mankhwala ndi buku la kuchipatala zikhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'chikwama chokwezedwa pamwamba pa basi. Mayi woyembekezera ayambe wafunsa kusikelo.

Ku Nyika mdani wamkulu ndi chisanu. Malowa ali pamwamba kupitirira mamita 2,000, ndipo ife ozolowera kutentha kwa kunyanja timakadzidzimuka. Tengani majuzi, zipewa ndi mabulangeti, makamaka a ana, agogo ndi odwala mphumu.

Ku Vwaza ndi ku Luangwa kuli udzudzu ndi kashembe. Aliyense agone m'neti usiku uliwonse, ndipo wina akatentha thupi akayezetse malungo tsiku lomwelo. Kashembe amaluma masana ndipo amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho valani zazitali manja za mtundu wa khaki. Ntchentche imeneyi imafalitsa kaodzera, matenda amene amayamba ngati malungo koma amapha m'milungu kapena miyezi yochepa akapanda kuchizidwa. Ngati wina akutentha thupi, mutu ukuwawa, pamene analumidwa patupa, koma malungo sakupezeka kapena mankhwala ake sakuthandiza, auzeni adokotala momveka kuti munali ku Vwaza kapena ku Luangwa. Mawu amenewa angapulumutse moyo, ngakhale mutakhala kuti mwabwerako kale kumudzi.

Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini, ndipo musaiwale sopo ndi mapaketi a Thanzi. Tinaona mmene kolera inativutitsira mu 2022 ndi 2023. Musasambe kapena kutunga madzi mu Luangwa chifukwa muli ng'ona zambiri. Mvuu zimatuluka usiku kukadya udzu, ndipo kuima pakati pa mvuu ndi madzi n'kudziitanira maliro. Musasunge zipatso m'tenti, pakuti njovu ndi anyani amanunkhiza. Pa zonsezi mverani okulondolerani. Safunsa anadya phula.

Chakudya cha m'malesitilanti chimatha ndalama, ndipo simudziwa mafuta amene aphikira. Sankhani malo ogona amene amalola kudziphikira. Nyamulani ufa, mpunga, nyemba, mtedza wokazinga, soya ndi mfutso, ndipo masamba ndi zipatso muzigula pamsika wa kumene mwafika. Ana akakhala ndi mtedza ndi nthochi m'manja saliranso zakumwa za shuga za pa depoti.

Za zikalata, Mmalawi safunika viza popita ku Zambia kapena ku Tanzania, koma aliyense, ngakhale khanda, akhale ndi pasipoti imene sili pafupi kutha. Mwana amene akuyenda popanda kholo lake akhale ndi kalata yachilolezo yochokera kwa makolo. M'nkhalango zathu Amalawi amalipira ndalama zochepa kuposa alendo akunja, ndipo ku Zambia nzika za m'maiko a SADC zili ndi mtengo wawo wotsikirapo, choncho onetsani ziphaso zanu. Ndalama zakunja zikuvuta kupeza, yambani kufunsa kubanki miyezi ingapo ulendo usanafike, ndipo pewani osintha ndalama a m'misewu.

Pomaliza, khomo. Ulendo usadye chakhumi, fizi ya teremu yotsegulira mu Seputembala, kapena ndalama ya mbewu ndi feteleza. Mukachotsa zimenezi, patulaninso yokwanira kubwezera banja lonse kunyumba tsiku lililonse, ndipo musaikhudze. Ngati yotsalayo ikukwana milungu iwiri yokha, chongani Masabata awiri, a pa Rumphi ndi pa Mwami, Luangwa idikire chaka chamawa. Pezaninso munthu wodalirika woyang'anira nyumba, ziweto ndi nkhokwe, ndi wogwirizira udindo wanu kumpingo.

Yobu atathedwa nzeru, Mulungu anamulozera ku nyama zakutchire kuti aphunzireko. Ifenso ana athu akaona njovu ikuteteza mwana wake, phunziro la Sukulu ya Sabata la chilengedwe lidzakhala lamoyo kwa iwo. Mpweya wabwino, dzuwa, kuyenda pansi ndi kupuma, zimene timaphunzitsa chaka ndi chaka, zonse zili mu ulendo wotere. Khalani pansi monga banja madzulo ano, kalendala ndi pensulo zili patebulo, ndipo mupemphere musanalembe dzina la mpingo woyamba. Tikumanenso mwezi wamawa.