Musandionetse utsi, ndionetseni kanyumba ka masiginolo

Ndatopa nawo mavidiyo a sitima zamakedzana za ku migodi ya malasha ku Britain. Pa YouTube ndi utsi wokhawokha: injini yopakidwa penti yatsopano, mluzu, anthu akuombera m'manja ngati pa ukwati. Kanyumba kamene kankaonetsetsa kuti sitima ziwiri zisagundane, kaja amati signal box, kamera imangokadutsa. Zimenezi ine zimandinyansa.

M'kanyumbamo munkakhala munthu ndi mzere wa zitsulo zokoka. Akakoka china, mphambano ya njanji inkatembenuka. Akakoka china, mkono wa siginolo unkasuntha kuuza woyendetsa kuti dutsa. Nzeru yeniyeni inali kunsi, kosaoneka. Mu 1856 John Saxby analembetsa njira yomangirira zitsulozi pamodzi, mwakuti siginolo yoti "dutsa" singakokeke ngati njanji sinakhale bwino. Kaya munthuyo ali ndi tulo, kaya wakangana ndi mkazi wake m'mawa, chitsulo chimakana basi. Ine sindidziwa makina ena aulemu kuposa amenewa, chifukwa anapangidwa modziwa kuti munthu amatopa.

Ndiye funsani kuti ankawaikira ndani. Pa 12 June 1889 ngozi ya sitima ku Armagh, ku Ireland, inapha anthu 80, ena mwa iwo ana opita kokasangalala ndi Sande sukulu yawo. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ku London inakhazikitsa lamulo lokakamiza zitsulo zomangirirana, mabuleki odzigwira okha, ndi dongosolo loti sitima isalowe m'chigawo cha njanji momwe muli inzake. Zabwino ndithu. Koma lamulolo linali la njanji zonyamula anthu. Njanji ya kampani yokoka malasha m'dera la mgodi inali nkhani ina. Kumeneko nthawi zambiri kunali mbendera, nyali, belu ndi maso a wantchito woyenda pakati pa ngolo. Munthu wogula tikiti anamutchinjiriza ndi chitsulo. Wodetsedwa ndi malasha anangomuuza kuti azisamala.

Taonani Bowes Railway, kufupi ndi Gateshead. Inatsegulidwa mu 1826, mapulani ake a George Stephenson, kutsitsira malasha ku mtsinje wa Tyne. Pa zitunda ngolo zinkakokedwa ndi chingwe, ndipo woyendetsa injini yokoka chingwecho sankaziona n'komwe zili patali. Ankadalira chizindikiro chochokera kwa mnzake. Moyo wa munthu pa kulira kwa belu, abale!

Ena amati ndikukokomeza, sitima za pa mgodi zinkayenda pang'onopang'ono, masiginolo ambiri akanangodya ndalama. Eti? Ngolo yodzaza malasha sifuna liwiro kuti idule mwendo.

Choncho inu ojambula, tembenuzani kamera. Pamene kanyumba katsala, lowani, werengani zitsulozo, tionetseni zokhoma zake zakunsi. Pamene panalibe, jambulani malo opanda kanthuwo, mutiuze kuti pa mphambano imeneyo pankaima ndani usiku, mvula ikugwa, nyali ili m'manja.